Boma Lipima Magalamu, Nanga Masiku Apima Ndani?

Theka la galamu ndi kanthu kocepa kwambili. Mankhwala amene ali m'pilisi limodzi la Panadol ndi theka la galamu. Fodya wa mu ndudu imodzi alemela kuposa pamenepo. Mutakaika pa sikelo ya amayi ogulitsa kapenta ku Soweto Market, sikeloyo singagwedezeke n'komwe. Koma kwa zaka zambili, pansi pa lamulo la mankhwala osokoneza bongo la 1993, kanthu kameneka ndiye kanali malile pakati pa anthu awili osiyana kutalitali: wokoka camba ndi wogulitsa camba.

Lamulo limenelo linali kunena kuti wamalonda a mankhwala ndi munthu wogula ndi kugulitsa. Pamenepo palibe angatsutse. Koma linawonjezela kuti munthu wopezeka ndi mankhwala ofika pa muyeso umene Pulezidenti walengeza, nayenso ndi wamalonda, olo kuti sanagulitsepo kwa munthu aliyense. Pa camba, muyesowo unali theka la galamu. Cilango cake cinali kufika zaka 25. Ndipo ndime 43 ya lamulo lomwelo inatseka khomo la belo: woimbidwa mlandu wa malonda a mankhwala sanali kuloledwa kuyembekezela mlandu wake ali kunyumba. Kwa mnyamata wa ku Chawama, ku Kanyama kapena ku George, njila inali yodziwikilatu. Kucoka m'selo ya polisi, kukaonekela kwa majisitileti, kenako kukwela cigalimoto ca akaidi kupita ku Kamwala Remand kapena ku Chimbokaila, kukayembekezela.

Funso langa ndi ili: kodi n'cilungamo kuyamba kulanga munthu asanapezeke wolakwa, cifukwa cakuti cinthu cimene tikumuganizila n'coipadi?

Tiyambe ndi kulicitila cilungamo lamulo lenilenilo, pakuti silinagwe kumwamba ngati mvula ya matalala. M'zaka za m'ma 1980 Zambia inasanduka msewu wa mapilisi a mandrax, ocokela ku India kupita ku South Africa. Mu 1985 boma linakhazikitsa bwalo lofufuza nkhaniyi lotsogoleledwa ndi woweluza Chaila, ndipo maina amene anamveka kumeneko sanali a anyamata a m'komboni. Anali a anthu ovala masuti, okwela ndeke. Mu 1989 kunabadwa bungwe la DEC. Pofika 1993 opanga malamulo anali ndi mantha omveka bwino: munthu wa ndalama zambili ukam'patsa belo, alipila tsiku lomwelo, mawa lake ali kale kutsidya kwa Chirundu. Ndiye anati, titseke khomo lonse.

Ndipo ife a m'makomboni sitifunika munthu wocokela kutali kuti atiuze kuipa kwa mankhwala. Tawaona anyamata amene tinali kumenya nawo bola ya mapulasitiki, lelo agona m'ngalande atamwa mankhwala a cifuwa ngati Fanta. Tidziwa tinjila tumene mtsikana sangadutse dzuwa likalowa cifukwa ca majanki. Tidziwa amayi amene agulitsa mafiliji ndi mipando kuti mwana wawo akaonedwe ku Chainama. Mayi wotele akamva munthu akukamba za ufulu wa wogwidwa ndi camba, mtima umuwawa, ndipo ali ndi cifukwa. Wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Nkhani ino siikumuuza kuti ululu wake ndi wabodza.

Koma ukonde umene analuka kuti ugwile nsomba zikuluzikulu unali wa maso ang'ono ngati neti ya udzudzu. Asodzi a ku Kariba adziwa cimene cicitika ukaponya ukonde wotele: udzala kapenta.

Lamuloli linatsutsidwa pasanapite nthawi. Mu 1995 munthu wina dzina lake Chetankumar Parekh, amene anali pa mlandu wa mankhwala, anakanizidwa belo kwa majisitileti. Anapita ku High Court, nakonso anam'kaniza. Anacita apilo ku Supreme Court, khoti lapamwamba pa onse, limene panthawiyo mkulu wake anali Matthew Ngulube. Maloya ake sanapite kukakamba zakuti iye ndi wosalakwa. Anapita kukaimba mlandu lamulo lenilenilo. Mfundo yawo inali yakuti pamwamba pa malamulo onse a Nyumba ya Malamulo pali lamulo lalikulu la dziko, ndipo lamulo lililonse lotsutsana nalo n'lopanda mphamvu. Gawo 13 la lamulo lalikululo liteteza ufulu wa munthu wosatsekeledwa cisawawa. Gawo 18 likuti woimbidwa mlandu aziwelengedwa wosalakwa kufikila umboni utam'peza wolakwa kapena iye mwini atavomela. Nanga ndime 43 icokela kuti ndi mphamvu yotsekela munthu wosalakwa popanda ngakhale kumumva?

Yankho la khoti linali ndi mbali ziwili, ndipo zonse ziwili tiyenela kuzidziwa. Mbali yoyamba inali yowawa: khoti linati mu lamulo lalikulu mulibe coletsa Nyumba ya Malamulo kutseka belo pa milandu ina, malinga ngati munthuyo aweluzidwa m'nthawi yoyenela. Conco ndime 43 inapulumuka. Mbali yaciwili inali mphatso: khoti linati ngati mlandu wacedwa mopitilila muyeso, ndipo wocedwetsa si woimbidwa mlanduyo, munthuyo ayenela kutulutsidwa. Belo imeneyi icokela ku Gawo 13 lenilenilo, ndipo palibe lamulo laling'ono lingaitseke, kaya mlandu ndi wa mankhwala, kaya ndi wina uliwonse umene malamulo aletsa belo. Maloya mpaka lelo aicha belo ya Constitution.

Tikaciyang'ana bwino cigamulo cimeneci, tiona kuti ndi pangano. Boma likuti: ndikusunga m'ndende usanaweluzidwe, koma ndikulonjeza kuti sindicedwa. Cilungamo conse ca kutseka belo caimilila pa lonjezo limenelo, monga nyumba iimilila pa maziko. Lonjezo likasweka, cotsala ndi munthu wosalakwa ali m'ndende cabe.

Manje apa ndiye pagona nkhani. Pofuna kukumanga, pansi pa lamulo la 1993 boma linali ndi sikelo yakuthwa kwambili, yotha kusiyanitsa 0.4 ndi 0.6. Panali nambala, yolembedwa, yosakambilana. Koma pofuna kukumasula, muyeso wake ndi mau akuti nthawi yoyenela. Ndi masiku angati amenewo? Mwezi? Miyezi isanu ndi umodzi? Caka? Palibe nambala. Cimene boma likuganizila iwe lipima mpaka kadontho. Cimene boma likutenga kwa iwe, masiku a moyo wako, lipima ndi maso, monga wogulitsa makala amene akuti thumba ladzala pamene iwe uona kuti likali pakati.

Ndipo masiku amenewo sakhala m'malo opanda kanthu. Mu 2010 bungwe la Human Rights Watch, pamodzi ndi mabungwe ena awili, linatulutsa lipoti la ndende za m'Zambia. Linapeza kuti ndende zomangidwila anthu 5,500 zinali ndi anthu 15,300, ndipo oposa munthu mmodzi pa atatu alionse anali asanaweluzidwe. Linakamba za anthu ogona cokhala cifukwa malo ogona cotambalala palibe, ndi za TB imene iyenda mosavuta m'cipinda codzaza copanda mpweya. Mu 2019 Supreme Court yeniyeniyo, pa mlandu wa akaidi awili a ku Chimbokaila amene anali ndi kacilombo ka HIV, inagamula kuti kudzazana ndi kupelewela kwa cakudya kumeneko kunali kuphwanya ufulu wawo. Conco mau akuti akuyembekezela mlandu asatinamize. Kuyembekezela basi pa Kulima Tower ndi kwina, kuyembekezela mlandu ku limandi ndi kwina.

Taganizilani mnyamata wa zaka 19 amene akankha wilibala pa masitolo a ku Kamwala, kunyamulila anthu mabelo a salaula. Wagwidwa Lacisanu. Mlandu wake waimitsidwa koyamba cifukwa lipoti la opima mankhwala silinabwele. Waimitsidwa kaciwili cifukwa mboni ili pa chuti. Kacitatu galimoto yobweletsa akaidi ku khoti inalibe mafuta. Palibe munthu mmodzi woipa mtima amene wakonza zimenezi. Aliyense ali ndi cifukwa cake comveka. Koma wilibala ija mwini wake wapatsa wina. Lendi ya kacipinda yapitilila, landilodi waika katundu panja. Mng'ono wake amene anali kudalila ndalama ya wilibala kuti agule pamela ndi tomato, wayamba kugona ndi njala. Ngati mnyamatayo anali wa giledi 12, mayeso adutsa. Tsiku lina majisitileti akuti umboni ndi wosakwanila, pita kwanu. Khoti lingabweze foni imene linasunga. Lingabweze ndalama. Miyezi ija silingabweze, pakuti palibe kabati imene inasungidwamo.

Ndipo pali cina coipa kwambili cimene kucedwa kumabala. Munthu amene wakhala miyezi ku limandi ayamba kuwelengela: ndikakana mlandu, ndikhala muno mpaka liti? Ndikavomela, mwina andipatsa cilango cacifupi, ndidziwe tsiku lotuluka. Apa kuvomela sikucokela m'coonadi, kucokela m'kutopa. Gawo 18 likuti ndiwe wosalakwa kufikila utavomela, koma ngati cipinda ndico cakuvomeletsa, ndiye kuti cakuweluza ndi cipinda, osati khoti.

Caka comweco ca 1995, kum'mwela kwa Limpopo, khoti lina linakumana ndi funso lofanana ndi la sikelo yathu. Lamulo la South Africa la 1992 linali kunena kuti wopezeka ndi camba coposa magalamu 115 aziganizilidwa kuti ndi wogulitsa, pokhapokha iye mwini atatsimikizila khoti kuti sagulitsa. Milandu ya amuna awili, Bhulwana ndi Gwadiso, inafika ku Constitutional Court ya dzikolo. Sanali angelo: woyamba anapezeka ndi magalamu 850, waciwili oposa 400. Koma mu Novembala 1995 khotilo, m'cigamulo colembedwa ndi woweluza Kate O'Regan, linafafaniza ndime imeneyo. Cifukwa cake cinali cakuti lamulo lotele lingapangitse munthu kumangidwa ngati wogulitsa pamene woweluza akali ndi cikayiko ceniceni. Ngati boma likuti munthu agulitsa, boma ndilo libweletse umboni. Ku Canada nako, mu 1986, khoti lapamwamba linagwetsa lamulo lofanana nalo pa mlandu wa David Oakes, amene anapezeka ndi timabotolo 8 twa mafuta a camba.

Onani kusiyana kwake. Muyeso umene oweluza a ku Johannesburg anaukana unali magalamu 115. Wathu unali theka la galamu, wocepa kuwilikiza ka 230. Ndipo pali kusiyana kwina kobisika. Lamulo la kwawo linali kukuganizila cabe, n'kukusiyila kampata kakuti udziteteze. Lathu silinali kuganizila. Linangosintha tanthauzo la liu: kukhala ndi muyeso wakutiwakuti ndiko kugulitsa, kwatha. Munthu angatsutse cinthu cimene akumuganizila. Nanga tanthauzo la liu ungalitsutse bwanji? Zili ngati mfumu ya mudzi italengeza kuti kuyambila lelo aliyense wopezeka ndi nkhwangwa ndi wodula mitengo ya kumanda. Sunganene kuti ndinali kupita kukawaza nkhuni, cifukwa mfumu sinafunse kumene unali kupita.

Apa pali nkhani ya coonadi, osati ya malamulo cabe. Kugulitsa ndi nchito imene munthu acita: pali wogula, pali ndalama, pali katundu wosintha manja. Kucha munthu wogulitsa pamene sanagulitse ndi bodza, olo bodzalo litadindidwa ndi cidindo ca boma. Ndipo dzina limenelo silitsala ku khoti. Limutsata pofunsila nchito ya ulonda, pofunsila usilikali, pofunsila mkazi. Mlandu suwola, amatelo akulu. Dzina la mlandu nalonso siliwola.

Wina anganene kuti: zonsezi ndi zokamba za anthu ophunzila. Kuno kwathu tonse tidziwa amene agulitsa. Akagwidwa lelo, mawa tim'peza pa kona yomweyo akuseka. Mukatsegula belo, ndiye kuti mwatsegulila iyeyo, ndipo mboni zidzaopa kukamba. Mau amenewa ndi olemela, ndipo sayenela kuyankhidwa mwaciphwete.

Yankho loyamba ndi lakuti kutsegula khomo la belo sikutanthauza kuti aliyense atuluka. Ngakhale pa milandu imene belo iloledwa, majisitileti ali ndi mphamvu yokana ngati aona kuti munthuyo angathawe kapena kuopseza mboni. Kusiyana kwake n'kwakuti majisitileti ayang'ana munthu amene waima pamaso pake: akhala kuti, ali ndi om'imilila, anagwidwapo kale, anapezeka ndi kacikwama kapena ndi masaka. Lamulo lotseka belo kwa onse limanga majisitileti nsalu kumaso. Limuuza kuti mwini masaka khumi ndi mnyamata wa kandudu kamodzi ndi munthu mmodzimodzi. Tinaika oweluza kuti aziona. Tikawaletsa kuona, bwenzi tingoika sikelo pa mpando wawo.

Yankho laciwili ndi lakuti mau akuti tonse tidziwa ndi amene aphetsa anthu m'makomboni mwathu. Kumayambililo kwa 2020, nthawi ya mphekesela za anthu opopela gasi m'nyumba, anthu ambili anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya m'madela osiyanasiyana a dziko lino, popanda khoti, popanda umboni. Amene anali kuponya miyala nawonso anali otsimikiza kuti adziwa. Lamulo lakuti munthu ndi wosalakwa kufikila umboni utapezeka silinapangidwe cifukwa cokonda akuba. Linapangidwa cifukwa anthu, tikakhala ndi mantha, timatsimikiza msanga.

Yankho lacitatu ndi la mphamvu. Pamene kanthu kocepa ngati pilisi kangatsekele munthu miyezi popanda belo, aliyense wokhoza kukaika m'thumba mwako kapena pansi pa matilesi ako wagwila moyo wako m'manja: mnansi amene munakangana naye pa malile a poloti, mnzako amene mulimbilana mtsikana, kapena wina aliyense wofuna ya dilinki. Lamulo labwino liyenela kupangidwa moganizila kuti tsiku lina lidzagwa m'manja mwa munthu woipa. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Pali cinthu cina cimene milandu imeneyi itiphunzitsa, ndipo n'cosakoma kumva. Ufulu umene tonse tidyela nthawi zambili umenyedwa ndi anthu amene sitingawaitane ku ukwati. Belo ya Constitution, imene lelo ingathandize munthu aliyense woiwalika ku limandi, inatuluka pa apilo ya munthu woimbidwa mlandu wa mankhwala. Khoti siliyankha funso limene silinafunsidwe, ndipo wofunsa amakhala amene nsapato yam'thina. Ndiye tikamva kuti wa mlandu wa camba watengela boma ku khoti lapamwamba, tisafulumile kunena kuti afuna kuzemba. Mwina afunadi kuzemba. Koma funso limene wanyamula ndi lathu tonse, ndipo yankho lake lidzagwila nchito pa mwana wa m'busa monga pa mwana wa mu shabini.

Ndipo makhoti athu anaonetsapo kuti angathe kugwetsa lamulo. Patangopita miyezi yocepa cigamulile mlandu wa Parekh, Supreme Court yomweyo, pa mlandu wa Christine Mulundika ndi anzake 7, inafafaniza ndime ya Public Order Act imene inali kufuna kuti anthu azipempha cilolezo ca polisi asanacite msonkhano. Conco khomo lilipo. Vuto ndi makwelelo ake. Kucoka kwa majisitileti kufika pamwamba pafunika loya, mapepala, ndalama zoyendela ndi zaka. Ambili aganiza kuti nkhani za ufulu zipita ku Constitutional Court imene inakhazikitsidwa mu 2016, koma si mmene zilili. Cigawo ca maufulu a anthu sicinasinthidwe, cifukwa lifelendamu ya mu Ogasiti 2016 sinafike pa ciwelengelo cofunika, ndipo madandaulo a maufulu amenewo ayambila ku High Court. Kuli Legal Aid Board yothandiza osauka, koma maloya ake ndi ocepa poyelekeza ndi anthu ofuna thandizo. Zotsatila zake n'zakuti amene lamulo liwaluma kwambili ndiwo alibe mphamvu yolifunsa mafunso. Mnyamata wa wilibala sacita apilo. Amaliza cilango cake, n'kubwelela ku komboni ali cete.

Kenako dziko linatembenuka tili kuyang'ana. Mu Disembala 2019 nduna za boma zinavomeleza kulima camba ca mankhwala a cipatala ndi cogulitsa kunja, nkhani imene Peter Sinkamba wa Green Party anali ataikamba kwa zaka anthu akumuseka. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inapanga malamulo atatu: la camba, la camba ca m'mafakitale, ndi latsopano la mankhwala osokoneza bongo lolowa m'malo mwa lija la 1993. Malawi anali atacita zofanana mu 2020. Ku South Africa, Gareth Prince, Mrasta amene anagonja ku khoti mu 2002, anapambana mu 2018 pamene khoti linati munthu wamkulu wokoka camba kwa yekha m'malo ake asamangidwe. Kuno kwathu kukoka camba kukali mlandu, ndipo aliyense wokuuzani zina akufuna kukugwetsani m'dzenje. Koma taonani cimene zaka zimenezi zavumbula. Comela ndi cimodzimodzi. Wokhala ndi laisensi ndi mpanda wa waya angalime mahekitala, achedwa wobweletsa citukuko. Wopanda laisensi wa kacikwama m'sokosi achedwa cigawenga. Pangakhale zifukwa zabwino zosiyanitsila awiliwa, pakuti mankhwala a cipatala ali ndi oyang'anila ake. Koma palibenso anganene kuti mzele uja unajambulidwa ndi Mulungu. Unajambulidwa ndi anthu, pa tsiku lodziwika, ndipo anthu angaufunse ngati uli pamalo oyenela.

Nanga funso lija tiliyankha bwanji? Ine ndikuti mudzi uli ndi ufulu wodziteteza, ndipo nthawi zina kusunga munthu asanaweluzidwe n'kosapeweka. Koma kusunga kumeneko ndi nkhongole imene tonse titenga kwa munthu amene lamulo lathu lomwe likuti ndi wosalakwa. Wotenga nkhongole ayenela kudziwa kuti watenga zingati, ndipo ayenela kufulumila kubweza. Dziko limene lidziwa kulemela kwa kacikwama mpaka kadontho, koma silidziwa kuti mwini kacikwamako wagona masiku angati pa simenti, laonetsa cimene liwelengela ndi cimene siliwelengela. Ngati tifuna nambala pomanga, tifunenso nambala pomasula: masiku akutiakuti akakwana mlandu usanayambe, munthu abwelele pamaso pa woweluza, ndipo boma ndilo lifotokoze cifukwa cake akali m'kati. Zimenezi tingazifunse kwa aphungu athu akabwela kudzapempha mavoti ndi vitenge.

Pakali pano, sikelo ya masiku ili m'manja mwa ife abale. Wanu akatengedwa, gulani kabuku. Lembani tsiku limene anagwidwa, tsiku limene anaonekela ku khoti koyamba, tsiku lililonse limene mlandu waimitsidwa, cifukwa cimene cinapelekedwa, ndi mbali imene inapempha kuimitsako. Pitani ku khoti mukakhale pa benchi, pakuti khoti ndi la anthu onse ndipo polowa salipilitsa. Masiku akaculuka, nyamulani kabukuko kupita nako ku Legal Aid Board kapena kwa apalaligo, mukachule Gawo 13 ndi mlandu wa Parekh. Loya sangapemphe belo ya Constitution ndi misozi ya amayi. Afunika madeti.

Ndipo pa kona, pa kantemba, pa gulu la WhatsApp la m'komboni, munthu akanena kuti uja anam'tenga a DEC, ndiye kuti anali kugulitsa, pakhale mmodzi wofunsa kuti: anam'peza ndi zingati, ndipo lelo ndi tsiku lacingati ali m'kati? Mwina anali kugulitsadi, ndipo khoti lidzanena. Koma kufikila tsiku limenelo, amene ali kuseli kwa cipupa ca Kamwala Remand ndi mnansi wathu wosalakwa amene tam'pempha kuti ayembekeze. Tisaiwale kuti tinam'siya ali ciyembekezele.